Kodi Ana Athu a ku Matero Akudziwa Kwao? Phunziro la Kalembera wa Amormon

Mwana wobadwira ku Matero mukamufunsa kuti kwao ndi kuti, kawirikawiri amachula nambala ya nyumba ndi msewu. Mukapitirira kumufunsa za mudzi, za mfumu, ndi dzina la ambuya amene anabala amai ake, amangoyang'ana pansi. Mwanayo alibe mlandu. Matero anamangidwa m'zaka za m'ma 1950 kuti mukhale anthu akuda ogwira nchito mu Lusaka, mzinda umene unakhala likulu la dziko mu 1935. Ambiri amene analowa m'nyumba zija anacokera ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, ena ku Nyasaland, ku Mozambique ndi madera ena. Iwowo ankadziwa kwao. Koma lero oculuka a iwo agona ku manda a Chingwere, ndipo anapita pamodzi ndi maina amene sanalembedwe paliponse.

Pali mpingo wina umene nkhani yosunga maina a makolo unaitenga ngati nchito yopatulika. Ndi uja wa anyamata oyenda awiriawiri m'makomboni athu, ovala malaya oyera ndi kacikwangwani ka dzina pacifuwa. Anthu amawacha Amormon. Nkwabwino kuti ife Akatolika tidziwe mbiri yao, timvetse cifukwa cimene amafunira maina a akufa, tione pamene tisiyana nao, ndiponso titengepo phunziro.

Amormon anacokera kuti?

Dzina lao lenileni ndi The Church of Jesus Christ of Latter-day Saints, ndipo kuyambira mu 2018 atsogoleri ao akhala akupempha kuti anthu azichula dzina limeneli m'malo mwa Mormon. Mpingowu unayambidwa ndi Joseph Smith pa 6 Epulo 1830 m'cigawo ca New York ku America. Caka comweco iye anasindikiza Buku la Mormon, limene om'tsatira amalilandira ngati malembo oyera pambali pa Baibulo. Anasamuka malo angapo cifukwa cosamvana ndi anansi ao, mpaka Smith anaphedwa ndi gulu la anthu m'ndende ya Carthage ku Illinois mu 1844. Brigham Young anatsogolera oculuka a iwo pa ulendo wautali wa kumadzulo, ndipo mu 1847 anafika ku cigwa ca Salt Lake, kumene kuli likulu lao mpaka lero.

Kwa zaka zoposa 100 mpingowu sunkalola amuna akuda kulandira unsembe wao. Lamulo limeneli linacotsedwa mu 1978, ndipo kucokera pamenepo unayamba kufalikira mu Africa. Kacisi wao woyamba mu Africa anatsegulidwa ku Johannesburg mu 1985. Kuno ku Zambia unalembetsedwa ku boma mu 1992.

Afuniranji maina a akufa?

Mu 1840 Joseph Smith anayamba kuphunzitsa kuti munthu wamoyo angathe kubatizidwa m'malo mwa m'bale wake amene anamwalira asanalandire ubatizo wa mpingo wao. Amatsamira pa kalata yoyamba ya Paulo Woyera kwa Akorinto, mutu 15, ndime 29. Mwambowo umacitikira m'kacisi, ndipo iwo amakhulupirira kuti wakufayo ali ndi ufulu wolandira kapena kukana. Kuti aucite, ayenera kudziwa dzina la munthuyo, kumene anabadwira ndi nthawi imene anakhala ndi moyo. Ici ndico cifukwa cake Mmormon aliyense amalimbikitsidwa kufufuza mzere wa makolo ake.

Mu 1894 anakhazikitsa bungwe la Genealogical Society of Utah. Kuyambira mu 1938 anthu ao anayenda m'maiko ambiri kujambula mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a kalembera wa boma pa timafilimu ting'onoting'ono. Timafilimuto, toposa mamiliyoni awiri, anatisunga m'mapanga amene anaboola m'phiri la mwala pafupi ndi Salt Lake City, nchito imene inatha mu 1965. Mu 1999 anatsegula FamilySearch pa intaneti, ndipo pofika mu 2021 anali atasamutsira timafilimu tonse mu kompyuta. Poona kuti mu Africa mbiri yambiri ili m'mitu ya okalamba, anayambanso kutumiza anthu m'midzi ya maiko monga Ghana ndi Nigeria kukalemba mibadwo imene akuluakulu amaichula pamtima.

Mpingo wathu ukuti bwanji?

Mpingo wa Katolika suvomereza ubatizo wa akufa. Munthu amabatizidwa ali moyo, kamodzi kokha, ndipo wina sangalowe m'madzi m'malo mwake. Amene anamwalira osamva Mthenga Wabwino timawapereka ku cifundo ca Mulungu, amene amadziwa mitima yonse. Mu Juni 2001 ofesi ya ku Roma yoyang'anira ciphunzitso ca cikhulupiriro inanena kuti ubatizo wa Amormon suwerengedwa ngati ubatizo wacikhristu, pakuti cimene iwo amaphunzitsa pa za Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera ncosiyana ndi cikhulupiriro ca Utatu Woyera. Mu Epulo 2008 ofesi yoyang'anira ansembe inalembera maepiskopi kuti asapereke mabuku a maparishi ku Genealogical Society of Utah kuti awajambule.

Izi sizitipatsa ufulu wonyoza kapena kupirikitsa anyamata aja akagogoda pa citseko. Ndi anzathu okhala nao m'dziko limodzi, ndipo tiwayankhe mwaulemu. Mkatolika angathe kufufuza pa FamilySearch, pakuti salipiritsa ndipo safunsa mpingo wa munthu. Koma adziwe kuti maina a akufa amene walemba mu mzere wa banja pamenepo amaoneka kwa ena onse ogwiritsa nchito malowo. Nkwanzeru kuyamba wakambirana ndi akuluakulu a banja asanalembe kanthu.

Cuma cimene cili mu ofesi ya parishi

Ife tinayamba kale kulemba maina Amormon asanabadwe. Msonkhano wa ku Trent unalamula mu 1563 kuti parishi iliyonse izisunga buku la maubatizo ndi la maukwati, ndipo mu 1614 anaonjezerapo buku la akufa. Malamulo a Mpingo a 1983 akunenabe comweco. M'buku la ubatizo mumalembedwa dzina la wobatizidwa, maina a makolo ake ndi a om'perekeza, tsiku ndi malo obadwira, ndi dzina la wobatiza. Pambuyo pake amalembamonso za ulimbitso, ukwati kapena unsembe wa munthuyo. Motero tsamba limodzi lingathe kukuonetsani mibadwo iwiri.

Mishoni zathu nzakale. Ansembe a White Fathers anafika ku Mambwe Mwela mu 1891, natsegula Kayambi mu 1895. Anatsegula Mua ku Malawi mu 1902, ndi Kachebere, pa malire pafupi ndi Chipata, mu 1903. Ajezuiti anayamba Chikuni ndi Kasisi mu 1905. Lamulo la boma lakuti mwana aliyense wobadwa m'Zambia alembetsedwe linabwera mu 1973. Conco kwa ambuya athu ambiri, buku la ubatizo ndilo malo okha pamene dzina lao linalembedwa pamodzi ndi la amai ao.

Mungayambire pati?

Yambani ndi amoyo. Safunsa anadya phula. Gulani kope lolimba, mupite kwa okalamba a m'banja mwanu, azakhali, atsibweni ndi ambuya, mukhale nao pansi mosafulumira. Afunseni maina onse a munthu mmodzi: la paubwana, la pacinamwali, la ubatizo ndi la kunchito. Amuna ambiri amene anapita ku migodi ya Copperbelt, ku Wankie, ku Salisbury kapena ku Joni pa Wenela anasintha maina kumeneko, ndipo ena anakhala macona osabwereranso. Mukangodziwa dzina limodzi, mudzam'pitirira munthu wanu m'buku osam'zindikira.

Okalamba sawerenga zaka ndi manambala, koma amakumbukira zocitika. Afunseni ngati munthuyo anabadwa isanayambe nkhondo ya Hitler ya 1939 mpaka 1945, kapena pa nthawi ya njala ya 1949, ya citaganya ca 1953 mpaka 1963, kapena pa ufulu wa 1964. Kucoka pamenepo mungathe kuyerekeza caka.

Samalani ndi ciwongo. Si a Phiri onse kapena a Banda onse amene ali abale a mimba imodzi. Pakati pa Acewa ndi Ansenga mbumba imatsata kwa amai, ndipo wodziwa mzere wake ndi atsibweni, mwini mbumba. Pakati pa Angoni a Mpezeni, amene makolo ao anaoloka Zambezi mu Novembala 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, mwana ndi wa kwa atate. M'mabanja a m'tauni, mmene mitundu yakwatirana, nkofunika kulemba mbali zonse ziwiri. Miyambo ya Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti ndi Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale ndi nthawi yabwino yopeza akuluakulu ambiri pamalo amodzi.

Kenaka fufuzani mapepala. Pa reji ya munthu pamalembedwa mudzi, mfumu ndi boma la kwao. Makhadi a ubatizo, zitupa zakale, makalata ndi kuseri kwa zithunzi, zonsezi zimasunga maina ndi malo. Khadi la ubatizo limaonetsa mishoni ndi nambala ya m'buku. Pitani nalo kwa Bambo Mfumu wa parishi yanu, iwo angakuthandizeni kulembera ku mishoniyo. Musayembekezere kupatsidwa buku m'manja, pakuti muli zinsinsi za mabanja ena. Adzakulemberani zokhudza m'bale wanu yekha. Kumbukiraninso kuti parishi yatsopano isanatsegulidwe, maubatizo a dera limenelo ankalembedwa ku mishoni yaikulu. Ofuna kudziwa za midzi ndi mafumu apite ku National Archives of Zambia ku Ridgeway, kumene kuli mabuku amene mabwana a boma la atsamunda ankalembamo za maboma ao. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Cimene titaya tikacedwa

Wina anganene kuti iyi ndi nchito ya anthu okhuta. Koma taganizirani za ukwati. Malamulo a Mpingo amaletsa ukwati wa abale apafupi, kufikira pa asuweni enieni, ndipo asuweniwo sangakwatirane pokhapokha Ambuye Episkopi atapereka cilolezo. Mnyamata wa ku Matero ndi mtsikana wa ku George angathe kukumana ku kwaya osadziwa kuti amai ao ndi a bere limodzi. Ankhoswe amene sadziwa mzere wa banja sangawacenjeze.

Taganiziraninso za maliro ndi cuma camasiye. Lamulo la 1989 la cuma ca munthu womwalira osasiya wilo limapereka magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene wakufayo ankawasunga. Pamene banja silinalembe kuti ana ndi ati ndipo makolo ndi ati, pamatulukira abale osadziwika, ndipo olira amakhala ana amasiye. Ndiponso wopuma pa nchito amene afuna kubwerera kumudzi kukapempha munda, mfumu idzam'funsa kuti ndi wa mbumba ya yani. Cibale ndi fupa, siciola, koma fupalo liyenera kudziwika pamene lili.

Mateyo Woyera anayamba Mthenga wake ndi mndandanda wa makolo a Yesu, ndipo sanabise maina a amene moyo wao unali ndi zilema. Ifenso tilembe zoona, osasankha okhawo otipatsa ulemu. Amormon amalemba maina kuti abatizire akufa. Ife timawalemba kuti tiwapempherere, monga Yuda Makabeo anacitira asilikali ake m'buku laciwiri la Amakabeo, mutu 12. Pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira okhulupirira onse amene anatisiya, banja lililonse limapereka maina ku Nsembe ya Misa, ndipo ambiri a ife timalekera pa ambuya. Mphakati uliwonse ungathe kupatula Lamulungu limodzi kuti acinyamata, amene ali ndi mafoni otha kujambula mau, akacezere okalamba a m'dera lao ndi kulemba zimene akukumbukira. Kopelo lisungidwe pamodzi ndi makhadi a ubatizo, ndipo mwana aliyense wobadwa alembedwemo tsiku lomwe wabatizidwa.