Malamulo a Zomangamanga ndi Mitsinje ya M'chigwa cha Dedza

Chigwa cha m'munsi mwa mapiri a Dedza, kuchokera ku Golomoti kudzera ku Mua mpaka ku Mtakataka, ndi dera limene madzi amatsikirako ndi mkokomo m'nyengo ya dzinja, ndipo chilichonse chomangidwa mopingasa njira yawo, kaya ndi msewu wa M5, njanji imene inafika ku Salima mu 1935, kapena ngalande za m'sikimu ya mpunga, chimalimbana chaka ndi chaka ndi mitsinje monga Livulezi ndi Namikokwe. Mlatho ukakokoloka ntchito ili mkati, kapena khoma likang'aluka patangopita miyezi yochepa, funso limene limatsala ndi lakuti alipire ndani, ndipo yankho lake limakhala litalembedwa kale m'kontirakiti, thumba loyamba la simenti lisanatsegulidwe n'komwe.

Malamulo a zomangamanga ndi nthambi ya malamulo imene imalongosola udindo wa mwini ntchito, wa kontirakitala, wa injiniya woyang'anira ndi wa makampani ang'onoang'ono opatsidwako mbali ya ntchitoyo, pa nkhani za nthawi, ndalama ndi kulimba kwa chomangidwacho. Phunziroli limazama pa digiri ya masitala chifukwa limafuna munthu wodziwa kale mbali imodzi: loya wochokera ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba amadziwa malamulo a mapangano koma sanaphunzire kuwerenga ndondomeko ya masiku a ntchito, pamene injiniya kapena katswiri wowerengera mitengo ya zomangira wochokera ku yunivesite ya MUBAS amaidziwa ndondomekoyo koma sanaphunzire mmene bwalo lamilandu limatanthauzira mawu. N'chifukwa chake sukulu ya King's College London, imene inatsegula likulu la maphunzirowa mu 1987, imaphunzitsa maloya ndi mainjiniya m'kalasi imodzi.

Mtima wa maphunzirowa ndi makontirakiti a FIDIC, bungwe la mainjiniya alangizi la dziko lonse lapansi limene linakhazikitsidwa mu 1913 ndipo likulu lake lili ku Geneva. Buku lake lofiira, lotchedwa choncho chifukwa cha mtundu wa chikuto, linatuluka koyamba mu 1957, linalembedwa mwatsopano mu 1999 ndi mu 2017, ndipo ndi limene mabanki akuluakulu a chitukuko akhala akugwiritsa ntchito pa misewu ndi madamu amene amalipirira. M'buku la 1999 muli ndime yakuti kontirakitala wofuna kuwonjezeredwa nthawi kapena ndalama apereke chidziwitso cholemba pasanathe masiku 28 kuchokera pamene anadziwa, kapena anayenera kudziwa, za vutolo, ndipo akachedwa ufuluwo umamuthera ngakhale dandaulo lake litakhala loona chotani. Ndime ina imalola kuwonjezera nthawi ngati nyengo yaipa mopyola muyeso, koma payokha siipereka ndalama, kutanthauza kuti malipiro a antchito ndi a makina ongokhala amagwera kontirakitala. Apa ndi pamene chigwachi chimavutira, popeza kudera kumene mitsinje imasefukira kawirikawiri, kusiyanitsa mvula yoyembekezeka ndi mvula yopyola muyeso kumafuna kaundula wa mvula wa zaka zambiri, ndipo wopanda kaundula ameneyo amangotsutsana ndi mnzake popanda umboni.

Sikimu ya Bwanje Valley ku Mtakataka ndi chitsanzo choyenera kuti wophunzira aliyense wa kuno achisinkhesinkhe. Inamangidwa ndi thandizo la boma la Japan chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndi ya mahekitala 800, ndipo imapatutsa madzi mumtsinje wa Namikokwe, koma patangopita zaka zochepa madzi osefukira anawononga ngalande yake yaikulu moti panafunika ntchito ina yokonzanso, imenenso dziko la Japan linathandiza. Pa chochitika chotere wodziwa malamulowa amafunsa mafunso atatu: ngati vuto linali m'mapulani, pakuti m'buku lofiira mapulani ndi udindo wa mwini ntchito, ngati linali m'kamangidwe, pakuti kontirakitala amakhala ndi nyengo yokonza zolakwika, kawirikawiri chaka chimodzi, ndipo gawo la ndalama zake limasungidwa ngati chikole, kapena ngati mtsinjewo unachita zimene palibe katswiri akanaziganizira. Mlimi amene munda wake wakhala wopanda madzi sakhala nawo pa zokambiranazo, komabe ndi iye amene zotsatira zake zimam'khudza kwambiri.

Malo opangira magetsi a dzuwa ku Golomoti, amene kampani za JCM Power ndi InfraCo Africa zinawatsegula mu 2022 ndi mphamvu ya mamegawati 20 pamodzi ndi mabatire osungira magetsi, akuimira kamangidwe kena. Ntchito zamtunduwu kawirikawiri zimaperekedwa kwa kontirakitala mmodzi kuti ajambule, agule zipangizo ndi kumanga pa mtengo wokhazikika, ndipo akachedwa amalipira chindapusa cha tsiku lililonse chifukwa mwini ntchito amakhala atalonjeza kale tsiku loyamba kugulitsa magetsi.

Wokaphunzira kunja ayenera kubwerera ku malamulo a kwawo, chifukwa kontirakiti yolembedwa ku Geneva imagwira ntchito pansi pa malamulo a Malawi. Lamulo la 1996 linakhazikitsa bungwe la NCIC kuti lizilembetsa makontirakitala m'magulu malinga ndi kukula kwa ntchito zimene angathe, lamulo la 2017 linakonzanso kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, ndipo malamulo a malo a 2016 amakhudza chipukuta misozi kwa anthu a m'dera la Inkosi Kachindamoto amene msewu kapena ngalande yadutsa m'minda yawo. Kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunaonetsanso kulemera kwa ndime yosintha mitengo, popeza phula, zitsulo ndi mafuta zimagulidwa kunja.

Pa kathetsedwe ka mikangano, dziko lino linadalira kwa nthawi yaitali lamulo la 1967 lolola mbali ziwiri kusankha mkhalapakati woti agamule nkhani yawo kunja kwa bwalo lamilandu. Mu 2021 Malawi analowa m'pangano la New York la 1958, limene limachititsa kuti zigamulo zoterezi zizilemekezedwa m'maiko ena, ndipo mu 2024 panabwera lamulo latsopano la mikangano yokhudza makampani akunja. Zimenezi n'zothandiza ntchito zikuluzikulu, koma kontirakitala wamng'ono womanga kalavati kapena chipinda chophunziriramo alibe ndalama zolipirira mkhalapakati kwa miyezi yambiri. Ku Britain, lamulo la 1996 linapatsa mbali iliyonse ufulu wopereka mkangano kwa woweruza wapadera amene amagamula pasanathe masiku 28, kuti ndalama ziziyenda ntchito isanaime, ndipo kafukufuku wa masitala wofufuza ngati njira yotereyi ingagwire pa ntchito za makhonsolo monga ya Dedza angakhale wophindulitsa kuposa kubwereza milandu ya ku London.