Kodi Malamulo aakulu a dziko lino amasinthidwa bwanji?

Mwana wa Fomu 3 mukamufunsa za nthambi zitatu za boma, amayankha mosajejema: aphungu amapanga malamulo, Pulezidenti ndi nduna zake amayendetsa dziko, makhoti amatanthauzira malamulowo. Amaloweza zimenezi pokonzekera mayeso a MANEB, ndipo n'zoona. Koma ambiri amamaliza sukulu osadziwa kuti buku limene limagawa mphamvu zimenezi angalisinthe ndani, ndiponso kuti amadzera njira iti.

Malamulo amene tikuyendera lero anayamba kugwira ntchito pa 18 Meyi 1994, mawa lake la chisankho choyamba cha zipani zambiri. Amene anawalemba anali atangotuluka mu ulamuliro wa malamulo a 1966, amene anakhazikitsa chipani chimodzi, ndipo pofika 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda anali mtsogoleri wamuyaya. Zonsezo sizinabwere ndi mfuti. Zinadutsa m'Nyumba ya Malamulo, aphungu akuwomba m'manja. N'chifukwa chake gawo 12 la Malamulo atsopanowa limanena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo wolamulira amangozisunga m'malo mwawo. Maganizo amenewa ndi akale. John Locke wa ku England anawalemba kumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Kwa ife, amene makolo athu ankagula khadi lachipani kuti alowe mumsika, si nkhani ya m'mabuku chabe.

Njira zosinthira zilipo ziwiri. Yoyamba, ya m'gawo 197, ndi ya aphungu okha: biluyo iyenera kuvomerezedwa ndi magawo awiri mwa magawo atatu a aphungu onse oyenera kuvota. Apa mvetsetsani bwino. Sawerenga okhawo amene abwera tsikulo, amawerenga Nyumba yonse. Choncho phungu amene wajomba, kapena watuluka nthawi yovota, wathandiza mbali yokana.

Njira yachiwiri, ya m'gawo 196, ndi ya magawo otetezedwa amene analembedwa pamndandanda kumapeto kwa bukuli, monga mfundo zikuluzikulu za dziko ndi maufulu a anthu. Amenewa aphungu sangawakhudze asanafunse eni ake. Pamayenera kuchitika riferendamu, ambiri mwa ovota avomere, bungwe loyendetsa zisankho litsimikizire Sipikala, kenaka Nyumba ivomereze. Chichitikireni riferendamu ya pa 14 Juni 1993, sitinakhalenso ndi ina.

Koma m'gawo lomweli muli kachitseko kena kamene ine kamandidetsa nkhawa. Ngati Sipikala watsimikiza kuti kusinthako sikukhudza tanthauzo lenileni la gawo lotetezedwa, aphungu angathe kusintha popanda riferendamu, bola akwane magawo awiri mwa atatu. Sipikala ndi munthu, ndipo amachokera ku chipani. Chotiteteza n'chakuti gawo 5 limati lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chotsutsana ndi Malamulo aakulu n'chopanda mphamvu, ndipo Khoti Lalikulu lingathe kuunika nkhani yotere, oweruza osachepera atatu atakhala pamodzi. Koma khoti silidzipezera lokha mlandu. Pamafunika nzika kapena bungwe lokasuma.

Kuti muone kulemera kwa voti imodzi, kumbukirani za pa 4 Julayi 2002. Gawo 83 limalola Pulezidenti kulamulira materemu awiri otsatizana a zaka zisanu. Tsikulo Nyumba inavotera bilu yochotsa malire amenewa, nthawi ya Bakili Muluzi. Aphungu 125 anavomera, 59 anakana. Pankafunika 128. Anthu atatu okha akanatembenuka, mbiri ya dziko lino ikanakhala ina. Mipingo, mabungwe ndi anthu wamba anali atalankhula kwa miyezi, ndipo aphungu ena anamva. Anayesanso ndi bilu ya teremu yachitatu kumayambiriro kwa 2003, koma nayo sinaphule kanthu.

Si nthawi zonse pamene zinatha chonchi. Mu 1995 aphungu anachotsa gawo 64, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Mu 2001 anachotsanso Seneti, nyumba yachiwiri imene mukanakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana, isanakhale n'komwe. Zonse ziwirizi zinali zowunikira aphungu eni akewo, ndipo anazichotsa okha. Ine ndimaona kuti pamenepa tinataya kanthu kakakulu, makamaka pa gawo 64, pakuti mpaka lero kumidzi anthu amadandaula za phungu amene amangooneka nthawi ya kampeni.

Kusintha pakokha sikoipa. Mu Febuluwale 2017 aphungu anatseka mpata umene unkalola ana a zaka 15 mpaka 18 kukwatiwa makolo akavomera, ndipo tsopano mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo lotere limafika mpaka pabwalo la a nyakwawa, pamene mtsikana wa Sitandade 8 amabwezedwa ku sukulu.

Aphunzitsi a Social Studies, tengerani buku lenilenilo m'kalasi, ana atsegule okha gawo 196 ndi 197, awerengere okha mavoti a 2002 pabolodi. Ambiri a iwo chisankho chikubwerachi adzakhala atakwana zaka 18. Ndipo inu owerenga, mukamva pa wailesi kuti kukubwera bilu yosintha Malamulo aakulu, funsani kuti ndi gawo liti, ikudzera njira iti, ndipo phungu wanu adzavota bwanji. Kuyambira chisankho cha 2025 Nyumba ili ndi mipando 229, ndipo pamafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu onse oyenera kuvota.