Miseche ya Anthu Otchuka pa Foni: M'mene Imalembedwera ndi M'mene Imafikira ku Thambani

Ku Thambani, dera la m'boma la Mwanza lomwe lili kufupi ndi malire a dziko la Mozambique, nyuzipepala yosindikizidwa ndi yovuta kuipeza, komabe mphekesera yokhudza ukwati wa woyimba wa ku Blantyre imatha kufika pamsika tsiku lomwelo lomwe yalembedwa, chifukwa imadzera pa foni ya m'manja ndi bandulo ya Facebook kapena WhatsApp yomwe makampani a TNM ndi Airtel amagulitsa motsikirapo mtengo poyerekeza ndi bandulo yotsegula intaneti yonse. Kusiyana kwa mitengoku kuli ndi mphamvu pa kalembedwe, pakuti wolemba amadziwa kuti owerenga ambiri satuluka mu Facebook kukawerenga nkhani yonse pa tsamba lina, choncho amaika mfundo yake yonse pa mutu, chithunzi ndi mizere iwiri yoyambirira.

Malonda a miseche sanayambe ndi foni. Nyuzipepala ya Weekend Times, yomwe inkasindikizidwa ndi kampani ya Blantyre Newspapers Limited, inatchuka ndi nkhani za zibwenzi za anthu odziwika mpaka boma linailetsa m'chaka cha 2010 ponena kuti sinalembetsedwe ku National Archives. Pa intaneti, Nyasa Times inayamba mu 2006, ndipo pambuyo pake kunabwera Malawi24, Face of Malawi ndi masamba a zamsangulutso monga Mikozi, omwe amalemba zinthu zosiyanasiyana koma onse amalimbirana maso a wowerenga mmodzi yemweyo.

Chomwe chinasintha ndi mwini chipata. Kale mkonzi ndiye ankasankha nkhani yoika patsamba loyamba, pamene lero ntchitoyo imagwiridwa ndi algorithm, kutanthauza ndondomeko ya masamu yomwe kompyuta imatsata posankha zoti munthu aone poyamba akatsegula foni. Ndondomekoyi siidziwa ngati nkhani ili yoona kapena yabodza. Imawerengera anthu amene aima pa nkhaniyo, amene aikapo ndemanga ndi amene aitumiza kwa anzawo. Mu Januwale 2018 kampani ya Facebook inalengeza kuti iziika patsogolo zinthu zomwe zikuyambitsa kukambirana pakati pa anthu, ndipo olemba sanachedwe kuzindikira kuti mkangano umabala ndemanga zambiri kuposa nkhani yofatsa. N'chifukwa chake mutu wa nkhani yotere umabisa dzina n'kungonena kuti woyimba wina wotchuka, umathera pa funso, kapena umaika oyimba awiri pa chithunzi chimodzi kuti owatsatira atukwanizane m'munsimo. Thupi la nkhaniyo limakhala lalifupi, losakaniza Chichewa ndi Chingerezi, ndipo limatsamira pa mawu akuti "akuti" kapena "malipoti akusonyeza", omwe amapatsa wolemba pothawira nkhani ikapezeka yabodza. Kawirikawiri gwero lake lonse limakhala kanema wa masekondi ochepa wa pa TikTok kapena chithunzi chomwe woyimbayo wafufuta pa tsamba lake, popanda aliyense womuimbira foni kuti amve mbali yake.

Phindu limabwera kudzera mwa otsatsa malonda, omwe amalipira tsamba molingana ndi kuchuluka kwa olitsatira, komanso kudzera mwa oyimba eni ake omwe amafuna kuti nyimbo yatsopano kapena phwando la zoyimba lilengezedwe. Apa ndi pomwe malire a nkhani ndi malonda amasowa, chifukwa mkangano wa oyimba ukabuka sabata yomwe chimbale chikutuluka, wowerenga alibe njira yodziwira ngati ndi udani weniweni kapena ndi njira yokopera anthu. Sikuti algorithm imangowononga ayi: Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, yemwe anajambula nyimbo zake pamodzi ndi Patience Namadingo mu 2020, anadziwika m'maiko ambiri kachidutswa ka nyimbo ya Linny Hoo katafalikira pa TikTok, ali ndi zaka zopitirira 90.

Vuto lalikulu limaonekera kumapeto kwa ulendo wa nkhani, m'madera ngati Thambani. Kumeneko nkhani siifika nthawi zonse ngati tsamba lokhala ndi dzina la wolemba ndi tsiku. Imafika ngati screenshot, chomwe ndi chithunzi chojambula zimene zikuoneka pa galasi la foni, ndipo imadutsa m'magulu a WhatsApp a mpingo, a timu ya mpira kapena a achibale okhala ku Johannesburg. Wina amaiwerenga mokweza pamalo otchajira mafoni kapena pomwe anyamata amabena nyimbo m'mamemore khadi, ndipo womvera yemwe alibe foni amapita nayo kunyumba ngati nkhani yotsimikizika. Tsamba likaifufuta kapena kupepesa mawa lake, kupepesako sikuyenda njira yomwe inayenda mphekesera, ndipo mwa njira imeneyi uthenga wabodza wa maliro a munthu wamoyo umatha kuzungulira kwa miyezi.

Malamulo alipo, ngakhale akutsalira m'mbuyo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu kudzera pa intaneti, pomwe mu Julaye 2025 bwalo lotanthauzira malamulo oyendetsera dziko linathetsa gawo 200 la Penal Code, lomwe linkalola kuti munthu aimbidwe mlandu wa upandu chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake. Woipitsidwa mbiri angathebe kusumira wolemba kuti alipire chipukuta misozi, kapena kukadandaula ku Media Council of Malawi, koma njira zonsezi zimafuna kuti mwini tsamba adziwike, pamene masamba ambiri ang'onoang'ono a miseche alibe ofesi, mkonzi kapena dzina la munthu loti n'kulemba pa chisamani cha khoti.