Kukhutira Kumachita Kuphunziridwa

Lero titsegule kalata ya Paulo kwa Afilipi, mutu 4. Pa vesi 11 ndi 12 mtumwiyu akutiuza kuti kukhutira ndi zimene ali nazo sanabadwe nako, anachita kuphunzira. Ndipo akutchula nyengo ziwiri zimene zinamuphunzitsa: ya njala ndi ya mwanaalirenji.

Kalatayi anailemba ali m'ndende, asakudziwa ngati adzatulukamo wamoyo. Akhristu a ku Filipi sakanamukayikira, pakuti mumzinda wawo womwewo iye ndi Sila anakwapulidwapo ndi kutsekeredwa, koma pakati pa usiku akaidi anzawo anawamva akupemphera ndi kuimbira Mulungu. Nkhaniyi ili pa Machitidwe 16.

Nyengo ya njala ife tikuidziwa. Chilala cha 2024 chinaumitsa chimanga m'minda mpaka boma linalengeza kuti dziko lili pa tsoka. Ngakhale chaka chabwino, Januwale ndi Febuluwale amapeza ambiri akuyendera ganyu. Nthawi yotere munthu amagwada yekha, osadikira womukumbutsa.

Phunziro limene ambiri limatikanika ndi lachiwirilo. Takolola, soya ndi mtedza tagulitsa, ndalama zili m'thumba, koma tulo osabwera. Matumba 20 a chimanga amene dzulo munathokoza nawo Mulungu, lero akuoneka ochepa chifukwa mwamva kuti mnzanu wapeza 50. Iye wafolera malata, wagula njinga yamoto, inu mtima phaphapha. Kenaka kamawu kamayamba kunong'ona kuti ameneyu ali ndi mankhwala okokera mbewu za anzake. Mabanja adana chifukwa cha kamawu kameneka, ndipo okalamba osalakwa anenedwa ufiti. M'nkhokwe simunachoke ngakhale chitsononkho chimodzi, koma mtendere wachoka m'nyumba.

Wina asamve ngati tikuti kukhutira ndi kupinda manja. Paulo ankasoka mahema kuti adzidyetse, ndipo anadzudzula a ku Tesalonika amene ankakana ntchito. Limani, funani fetereza ndi mbewu yabwino, ana apite kusukulu. Kukhutira sikukananso thandizo: Afilipi atamutumizira mphatso kudzera mwa Epafrodito, Paulo analandira mokondwa. Anangofuna adziwe kuti chimwemwe chake chinalipo kale mphatsoyo isanafike.

Nanga mphamvu yake inkachokera kuti? Vesi 13 likuyankha kuti kwa Khristu. Vesili timalikonda, ndipo ena amalimva ngati lonjezo lakuti chilichonse chimene alakalaka adzachipeza. Koma liwerengeni pamodzi ndi vesi 12. Mphamvu imene akunena ndi yopirira njala osatukwana Mulungu, ndi yokhuta osamuiwala.

Njira yake ili pa vesi 6 ndi 7. Nkhawa musaiumbatire usiku wonse. Itengereni kwa Mulungu, muitchule dzina lake: ngongole, mwana wodwala, mvula yochedwa. Koma pempho liziyenda ndi kuthokoza. Kuthokoza kumakukakamizani kuwerenga zimene zili m'nyumba mwanu, pamene nsanje imangowerenga za kwa mnansi. Pamenepo, akutero Paulo, mtendere wa Mulungu udzalonda mtima ndi maganizo anu. Mawu amene anagwiritsa ntchito ndi a msilikali woima pachipata, ndipo Afilipi anawamvetsa msanga, poti mumzinda wawo munkakhala asilikali achiroma opuma pa ntchito. Msilikali wapachipata sathetsa nkhondo, amangoletsa mdani kulowa.

Paulo pomaliza kalatayi maunyolo anali akadali pathupi pake. Komabe pa vesi 22 akupereka moni wochokera kwa okhulupirira a m'nyumba ya Kaisara, kusonyeza kuti ngakhale pakati pa antchito a mfumu imene inali ndi mphamvu pa mlandu wake, Khristu anali atapeza anthu ake.