Zoyenera Kuona Panjira Yochokera ku Nayuchi

Kwa inu abale anga amene mumakwera sitima pa Nayuchi, m'malire a dziko lathu ndi Mozambique, pa njanji ija inatsegulidwa m'chaka cha 1970, ndikupemphani kuti musamadutse dera lino ngati lopanda mbiri, pakuti phiri la Chikala, limene mumaliona chakumwera, ndilo linali linga la Mfumu Kawinga kufikira pamene asilikali a Angerezi analilanda mu 1895.

Koma mtima wanga uli pa Liwonde. Nkhalango yosungiramo nyama imeneyi, imene inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo yakhala m'manja mwa bungwe la African Parks kuyambira 2015, imakoma mukaionera m'bwato pa mtsinje wa Shire, pamene mvuu imatulutsa makutu ndi mphuno zokha pamwamba pa madzi, ng'ona ili yasa! pamchenga, ndipo njovu zikutsika pakati pa migwalangwa kudzamwa madzi dzuwa litapendeka. Mikango anaibwezeramo mu 2018, komatu siioneka kwa munthu waphuma. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wokonda za Mulungu apite ku Utale, m'boma la Balaka, kumene ansembe a Montfort anakhazika mishoni kalekale. Ndipo amene ali ndi mpata apitirire mpaka ku Mua, ku Dedza, mishoni ya mu 1902, kumene nyumba ya Chamare isunga zigoba za gule wamkulu pamodzi ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao.