Phukusi la Pulogalamu ndi Kompyuta Yongoyerekeza

Pulogalamu ya kompyuta siyima payokha. Kuti igwire ntchito imadalira mapulogalamu ena ang'onoang'ono amene analembedwa ndi anthu ena. Nchifukwa chake pulogalamu imatha kuyenda bwino pa kompyuta ya amene anayilemba koma ndi kukana ikayikidwa pa seva, imene ndi kompyuta yotumikira makompyuta ena ambiri nthawi imodzi. Akatswiri ali ndi njira ziwiri zothetsera vutoli, ndipo alembi, akonzi ndi aphunzitsi ayenera kuzisiyanitsa bwino polemba.

Njira yoyamba ndi phukusi, mawu amene akuyimira liwu la Chingerezi loti package. Phukusi ndi fayilo imodzi imene m'kati mwake muli pulogalamu yeniyeniyo pamodzi ndi mawu ofotokoza dzina lake, nambala ya mtundu wake ndiponso mndandanda wa maphukusi ena amene imadalira. Chitsanzo chodziwika ndi Debian, gulu la mapulogalamu a Linux limene Ian Murdock analiyambitsa m'chaka cha 1993. Mu Debian, pulogalamu yotchedwa dpkg imamasula phukusi ndi kuyika fayilo iliyonse pamalo pake, pamene ina yotchedwa APT imawerenga mndandanda uja, ndi kukatenga maphukusi onse osowa. Motero woyang'anira seva sayenera kusaka chidutswa chilichonse payekha.

Komabe kudalirana kumeneku kuli ndi kuopsa kwake. M'mwezi wa Malichi 2016, mlembi wina anachotsa phukusi lake lotchedwa left-pad m'nkhokwe ya npm, mosungidwa maphukusi a chiyankhulo cha kompyuta cha JavaScript. Phukusilo linali la mizere 11 yokha, koma mapulogalamu ochuluka amene ankalidalira, kuphatikizapo Babel, analephera kuyikidwa kufikira eni nkhokweyo atalibwezeretsa tsiku lomwelo. Akuluakulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Oyang'anira maseva ochenjera amasunga makope awo a maphukusi amene ntchito yawo imadalira.

Njira yachiwiri ndi kompyuta yongoyerekeza, imene pa Chingerezi amati virtual machine. Pulogalamu yapadera yotchedwa hypervisor imagawa mphamvu, memori ndi malo osungira za kompyuta imodzi, ndipo gawo lililonse limagwira ntchito ngati kompyuta yoyima payokha, yokhala ndi pulogalamu yakeyake yoyiyendetsa. Choncho seva imodzi ingathe kunyamula Debian ndi Windows nthawi imodzi, ndipo kompyuta yongoyerekeza imodzi ikawonongeka zinzake zimapitirira kugwira ntchito. Luso limeneli si lachilendo. Kampani ya IBM inatulutsa VM/370 m'chaka cha 1972 pa makompyuta ake akuluakulu, VMware inalibweretsa pa makompyuta wamba mu 1999, ndipo mu 2007 KVM inalowetsedwa mu Linux.

Ubwino wa njira ziwirizi umaoneka zikagwiritsidwa ntchito limodzi. Woyang'anira seva ya banki kapena ya chipatala sayika phukusi latsopano pa seva imene anthu akuyigwiritsa ntchito asanaliyese. Amayamba wapanga kompyuta yongoyerekeza yofanana ndi sevayo, ndi kusunga chithunzi cha mmene zonse zilili panthawiyo. Akatero amayika phukusilo ndi kuliyesa. Likasokoneza zinthu, iye amangobwerera ku chithunzi chija popanda kasitomala kapena wodwala aliyense kuvutika. Likayenda bwino, mpamene amaliyika pa seva yeniyeni.

Pali mfundo ziwiri zofunika kuzisamala polemba mawuwa. Poyamba, kompyuta yongoyerekeza isatchedwe kompyuta yabodza, pakuti ntchito imene imagwira ndi yeniyeni, ndipo mafayilo ake akatayika, atayikadi. Chongoyerekeza ndi zitsulo zake zokha. Chachiwiri, isasokonezedwe ndi kontena, luso limene linafala kwambiri Docker itatuluka mu 2013. Makontena onse a pa seva imodzi amagawana phata la pulogalamu yoyendetsa sevayo, pamene kompyuta yongoyerekeza iliyonse ili ndi phata lakelake. Nchifukwa chake kontena ndi yopepuka ndipo imayamba msanga, koma mpanda woyilekanitsa ndi zinzake ndi wochepa mphamvu. Mlembi amene wasakaniza mawu awiriwa amasocheretsa wophunzira amene mawa adzapatsidwa seva kuti ayiyang'anire.