Kiyi wa pansi pa mtondo

Mayi akamapita kudimba sanyamula kiyi. Amakhoma chitseko n'kumubisa pansi pa mtondo, kuti mwana akaweruka kusukulu asagone pakhonde ndi njala. Kompyuta ya pakauntala, ija yotulutsa malisiti m'masitolo a pa Katete ndi pa Sinda, nayo imatero. Windows ili ndi chitseko chofuna dzina ndi pasiwedi, koma mmisiri amene anatchera makinawo anabisa pasiwediyo mkati, kuti akayaka azidzitsegulira okha mpaka pulogalamu yogulitsira ioneke.

Palibe amene amaganizako mpaka tsiku limene malaiti a ZESCO apita n'kubwera, makina n'kuima pachitseko kufunsa pasiwedi. Amene anali pakauntala mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, akudziwa. Wogulitsa pasiwedi saidziwa, bwana ali ku Chipata kooda katundu, ofuna mbewu ndi feteleza mzere wafika kumsewu. Ngati sitolo ili pa VAT mutu umawawa kawiri, pakuti ZRA imafuna kuti malonda adutse mu Smart Invoice.

"Makina afa," amatero anthu. Ayi, sanafe. Nthawi zambiri wina anasintha loko, pansi pa mtondo n'kusiya kiyi wakale. Mwina bwana anasintha pasiwedi atachotsa wantchito. Mwinanso inangotha yokha: akaunti imene sanaichonge pa Password never expires imafuna pasiwedi yatsopano pakatha masiku 42, ngati palibe amene anasintha lamulolo. Mankhwala ake ndi kuika kiyi watsopano pamalo akale. Lowani ndi pasiwedi yatsopanoyo, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani netplwiz. Pali kabokosi konena kuti aliyense azilemba dzina ndi pasiwedi. Kachongeni, dinani Apply, kenaka chotsaninso chongacho n'kudinanso Apply, ndipo mudzafunsidwa pasiwedi kawiri. Mu Windows 11 kabokosiko kamabisala ngati lamulo lolowera ndi Windows Hello yokha lili loyatsa. Lizimitseni mu Sign-in options, katulukira.

Amisiri ena amakonda kulemba okha mu registry, pa Winlogon, pomwe AutoAdminLogon imayenera kukhala 1. Akaiwala kuikapo DefaultPassword, Windows imaibweza pa 0. Ndi mwana uja: akatukula mtondo n'kupeza palibe kanthu, mawa satukulanso.

Koma musanaitane munthu, yang'anani kiyibodi. Batani la Shift likakhala lopanikizika pamene makina akuyaka, Windows imaleka kudzitsegulira. Pakauntala pamene pamathothokera shuga ndi nyenyeswa za vitumbuwa, kapena pamene wina watsamiritsa buku la ngongole, zotere sizidabwitsa.

Chimene sindigwirizana nacho ndi kutsegulira makina a pakauntala ndi akaunti ya administrator. Za mtondo mbala nayo imazidziwa. Pasiwedi yolembedwa pamanja mu registry imakhala poyera, aliyense wodziwa pofufuza aiwerenga. Kapulogalamu kaulere ka Microsoft kotchedwa Autologon kamaibisako bwino, ngakhale si kwa administrator. Mayi wanzeru amasiya kiyi wa pabalaza, wa kuchipinda kumene kuli ndalama za fodya ndi soya amamangirira kunsonga ya chitenje. Wogulitsa akhale ndi akaunti wamba yongogulitsira, yaikuluyo ikhale ya mwini sitolo.

Inu a ku Vubwi, kumene mmisiri akachoka kumuonanso ndi ulendo wolipira, pasiwedi zonse ziwiri akulembereni papepala, mukasunge kunyumba. Ndipo asanakwere njinga yamoto, zimitsani makinawo kawiri iye ali pomwepo, muone ngati akudzitsegulira.